Opalasa njinga akubwera, nanga owachingamira ayime pati?

Masiku ano sipapita nthawi tisanamve pawailesi kuti gulu lakutilakuti likupalasa njinga kuchoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre, kaya kuchoka ku Blantyre kukwera ku Lilongwe. Ena amakhala pampikisano, ena amasonkhetsa ndalama zokumbira mijigo kapena zogulira zipangizo zam'chipatala. Ndi ntchito yabwino ndipo sitikuitsutsa ayi. Onsewa, afune asafune, amaponda boma la Dedza. Akatsata msewu wa M1 amakwera mapiri athuwa. Akati azembe n'kudzera wa kunyanja, wa M5, amadutsabe pa Golomoti ndi pa Mtakataka, komwenso ndi ku Dedza.

Koma pali munthu mmodzi amene okonza maulendowa amamuiwala kawiri-kawiri. Ameneyu ndi mayi ake a mnyamata wopalasayo, mkazi wake, achimwene ake, kapena mnzake wa kusukulu amene wauzidwa kuti "mudzandichingamire ku Dedza". Chikalata cholengeza mwambo chimanena za mphotho, chimanena za mlendo wolemekezeka, chimatchula ndi makampani othandiza. Za komwe achibale akayime, nthawi yoti afike, ndi momwe njinga ija ibwerere kunyumba, zii. Nkhani yathu lero ndi imeneyi, chifukwa apa ndi pomwe ndalama za anthu osauka zimatayikira, ndipo apa ndi pomwe ngozi imabisala.

Tiyambe ndi mawu akuti "ku Dedza". Abale anga, mawu amenewa asokeretsa anthu ambiri. Wina akamva ku Dedza amaganiza za pa rodibuloko. Wina amaganiza za ku boma, m'kati mwa tauni, komwe kuli msika, depoti ndi chipatala. Wina amapita ku boda, kumalire ndi Mozambique. Winanso amatsikira pa mphambano ya ku Bembeke. Tauni ya Dedza idakhala chapambali pa M1, kotero amene wadikira m'tauni atha osawaona n'komwe opalasa amene angodutsa pamsewu waukulu. Mayi akhala pa depoti ndi fulasiki yawo ya tiyi mpaka dzuwa kupendeka, mwana ali kwina akunjenjemera ndi chisanu, aliyense akuti mnzakeyo ndiye wanama. Safunsa adadya phula. Musachoke pakhomo musanagwirizane dzina la malo enieni, monga geti la sukulu yakuti kapena bwalo la mpira, malo oti ngakhale wakabaza akamva akufikitsani osafunsanso.

Tibwere ku nthawi. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 85. Pa minibasi timauona ngati waufupi, koma wopalasa amaudziwa bwino. Lilongwe ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe tauni ya Dedza ili pa mamita pafupifupi 1,600, ndipo phiri la Dedza lenilenilo limafika mamita 2,198. Ndiye kuti ulendowu ndi wokwera, ndipo zitunda zake zimadza munthu atatopa kale, atadutsa Nathenje ndi Kamphata, akulimbana ndi za ku Chimbiya ndi Linthipe.

Masamu ake ndi osavuta, ngakhale wa Folomu 1 awachita. Katswiri amene amatha makilomita 30 pa ola, akanyamuka 6 koloko m'mawa, afika 9 koloko isanakwane. Wopalasa wamba wa makilomita 20 pa ola afika cha m'ma 10 koloko kupitirira pang'ono. Amene ali ndi njinga yolemera yopanda magiya, woyenda makilomita 15 pa ola, afika cha ku 12 koloko, ndipo apa sitinawerengere kupuma, kumata chubu kapena kubwezeretsa tcheni. Mukuona kuti pakati pa woyamba ndi wotsiriza pali maola atatu kapena kuposa. Tsono musamufunse m'bale wanu kuti "ufika nthawi yanji?" chifukwa akuuzani nthawi ya m'maloto ake. Mufunseni kuti pokonzekera ankatha makilomita angati pa ola, gawani nokha, n'kuwonjezerapo ola limodzi la zitunda.

Palinso msampha wina umene ambiri sauganizira. Msewu umene opalasa akudutsa ndi womwewo umene inu mukwere minibasi. M1 ndi mmodzi, alibe mnzake wapambali. Mukanyamuka mochedwa mukapezeka muli kumbuyo kwa gulu la njinga, dalaivala akuliza hutala, kondakitala akutukwana, ndipo pofuna kupitirira atha kukankhira kuphompho mwana wa eni, mwinanso wanu yemwe. Nzeru ndi kulawira, kunyamuka opalasa asananyamuke, kapena kukagona komweko dzulo lake ngati kuli achibale. Amene muli ndi galimoto, thirani mafuta tsiku lisanafike. Tonse tikukumbuka mizere ya pa mafilingi siteshoni mu 2011 ndi 2012, ndiponso imene idabweranso kuyambira 2022. Kudalira kuti mukathira panjira n'kutchova juga ndi m'bale wanu.

Kwa eni magalimotowa tili ndi mawu ena, ndipo atikhululukire ngati awawa. Chizolowezi chotsatira m'bale wanu pambuyo pang'ono-pang'ono, mahazadi akuphethira, ana akukuwa pawindo, chilekeke. Mumati mukumulimbikitsa, koma mukutseka njira ya ambulansi, mukubisa opalasa ena kwa madalaivala a mathiraki ochokera ku boda, ndipo galimoto khumi zikachita chimodzimodzi msewu wonse wasanduka chipwirikiti. M'malo ambiri M1 ndi wopapatiza ndipo m'mphepete mwake mudadyeka. Kuimika galimoto pakona kapena pamwamba pa chitunda kuti mujambule chithunzi n'kuitana maliro. Pitani mukadikire kumapeto. Chikondi chenicheni chili m'kumupeza ndi chakudya chotentha akafika.

Tikunena chakudya chotentha chifukwa Dedza si Nsanje. M'miyezi ya Juni ndi Julayi kuno kumazizira zedi, nkhungu imatha kuphimba msewu m'mawa, ndipo mphepo ya m'mapiri simvera kuti wavala chiyani. Munthu amene wapalasa maola anayi amafika thukuta lili noninoni, malaya atanyowa. Akangoima mphindi zochepa thupi limazizira msanga n'kuyamba kunjenjemera. Choncho m'chikwama cha womuchingamira muzikhala juzi, malaya owuma, chitenje kapena bulangeti, madzi akumwa, tiyi wa shuga, nthochi ndi kachakudya ka mchere. Mowa udikire kaye. Ndipo ngati wafika akuyankhula zosamveka, akusanza, kapena wagwa n'kumenyetsa mutu, musataye nthawi ndi kujambulitsa, thamangirani naye kuchipatala cha boma.

Kenaka pali katundu amene aliyense amamuiwala kufikira nthawi yobwerera: njinga. Munthu wafika, mwakumbatirana, nthungululu zalira, nanga njingayi ikwera chiyani? Kondakitala akaona kuti mwatopa ndipo dzuwa lapendeka, mtengo wa njinga umatha kulingana ndi wa munthu, ndipo mulibe pothawira. Ena amaikanikiza kubuti pamodzi ndi matumba a kachewere, pofika kunyumba masipoko athyoka, mkombero wapindika. Wophunzira amene adabwereka njinga ya mnzake amabwerera ndi ngongole m'malo mwa mendulo. Kambiranani za mtengo musanakweze. Tengani sipanala yomasulira tayala lakutsogolo, chingwe chomangira ndi katoni yotchingira. Ngati muli mabanja angapo ochokera dera limodzi, kaya ku Kawale, kaya ku Area 25, sonkhani n'kupangana ndi wa pikapu mmodzi dzulo lake. Mutu umodzi susenza denga. Kumbukiraninso kuti m'nyengo yozizira dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndipo kukada magalimoto amachepa pomwe mitengo imakwera.

Funso lovuta kwambiri ndi ili: nanga akapanda kufika? Si onse amene amanyamuka amamaliza. Wina mwendo umakokana pa Linthipe, wina tcheni chimaduka poti palibe wokonza. Lamya zam'manja zilipo, inde, koma batire limatha, ndipo m'zigwa zina netiweki imadukaduka. Banja lililonse ligwirizane ziwiri: nambala ya munthu wachitatu amene ali pakhomo, yemwe onse awiri angamuimbire, ndi nthawi yoti ikakwana asanaonane, wodikirayo akafunse kwa okonza mwambo m'malo moyamba kuyendayenda mumsewu. Wopalasayo asunge m'thumba kapepala kolembapo dzina lake ndi nambala ya m'bale wake, kuphatikizapo kandalama kapamanja. Ndalama ya mu lamya ndi yabwino pokhapokha lamyayo ili yoyaka.

Ngati njira ya ulendowo ikutsikira ku Golomoti kudzera pa Masasa, msewu umene ambiri timautcha Khwekhwerere, chenjezo likhale lowirikiza. Pamenepa munthu amatsika mamita ochuluka zedi m'makona okhaokha, mabuleki amatentha, ndipo malo oimikapo galimoto bwino ndi osowa. Achibale asadikire pakati pa phiri. Adikire pamwamba kapena atsikiretu ku Golomoti opalasa asanafike.

Zonse tanenazi ndi zimene banja lingachite palokha. Koma tiuzane zoona, udindo waukulu uli ndi okonza mwambo, ndipo anzathu kunjaku adatisonyeza kale kuti n'zotheka. Abale athu amene ali ku Joni amaudziwa mpikisano wa Cape Town Cycle Tour, umene udayamba mu 1978 ndipo umachitika mwezi wa Malichi pamtunda wa makilomita pafupifupi 109. Zaka zina opalasa amaposa 30,000. Misewu yoti itsekedwe imalengezedwa masiku akadalipo, opalasa amanyamuka m'magulu-magulu, ndipo amene walephera kufika pamalo akuti nthawi yake itakwana amanyamulidwa ndi galimoto za okonza mwambo. Mu 2015 adafupikitsa mtunda chifukwa cha moto wolusa m'mapiri, ndipo mu 2017 adaulepheretsa m'mawa wa tsiku lomwelo chifukwa cha mphepo yamkuntho. Adasankha kukhumudwitsa anthu zikwi-zikwi kusiyana ndi kuika mmodzi m'manda.

Kuno kwathu tidawaona a Tour d'Afrique, ulendo umene udayamba mu 2003 wochoka ku Cairo mpaka ku Cape Town, wa miyezi pafupifupi inayi. Ankalowa m'dziko muno cha ku Karonga, n'kudzera ku Mzuzu ndi Lilongwe, n'kutulukira ku Mchinji kupita ku Chipata. Amene adawaonetsetsa adaona kuti pambali pa njinga pamayenda magalimoto onyamula katundu, chakudya ndi otopa. Nalo dziko la Rwanda, la mapiri ngati Dedza yemweyu, lidachititsa mpikisano wa dziko lonse lapansi wa njinga mu mzinda wa Kigali mu Sepitembala 2025, koyamba mu Africa. Biniam Girmay wa ku Eritrea adapambana zigawo zitatu za Tour de France mu 2024. Anyamata athu amene amakwera zitunda za Bembeke atasenza matumba a kachewere pakaliyala alibe miyendo yoperewera. Chosowa ndi dongosolo, ndipo dongosolo limayambira pa zinthu zazing'ono ngati izi.

Tsono pempho lathu nali. Aliyense wopempha chilolezo chochititsa ulendo wa njinga wodutsa kapena wothera ku Dedza, a khonsolo ndi apolisi apamsewu asamuvomere asanaonetse zinthu zinayi. Atchule malo amodzi okumanirana achibale, kutali ndi phula, monga bwalo la masewero, okhala ndi poimika magalimoto, madzi ndi zimbudzi. Alengeze pawailesi, m'Chichewa, nthawi imene woyamba ndi wotsiriza akuyembekezeka kufika. Akhale ndi lole yoyenda pambuyo pa wopalasa wotsiriza, yotola otopa ndi njinga zawo n'kukawatula pamalo omwe aja. Apereke nambala imodzi ya lamya imene mayi wodandaula angaimbe n'kuyankhidwa ndi munthu wodziwa. Ngati ndalama ya mahema a alendo olemekezeka ikupezeka, ya lole imodzi singasowe.

Inu ageni, nkhaniyi ikukukhudzaninso. Anthu odikira maola atatu amamva njala. Malo okumanirana akadziwika, amayi a mandazi, a tiyi, a tchipisi ndi a nthochi adziwa kokayala malonda awo mwamtendere, m'malo mothamangitsana ndi magalimoto m'mbali mwa M1. Okonza njinga abwera ndi mapampu ndi machubu awo. Eni malo ogona apeza alendo, ndipo ena mwa alendowo atha kutsalira kuti akaone mbiya za ku Dedza Pottery kapena zojambula zamakedzana za pamiyala ya ku Chongoni, zimene bungwe la UNESCO lidaziika m'kaundula wake mu 2006. Khonsolo nayo itolera ziphaso zamsika pamalo amodzi. Phindu ndi la tonse.

Nanu ophunzira amene magazi akadali othamanga, lowani nawo m'mipikisanoyi, valani chipewa chodzitetezera, ndipo musananyamuke khalani pansi ndi makolo mulongosole ulendo wonse, wopita ndi wobwerera womwe. Mukamalembetsa, afunseni okonzawo maso ndi maso kuti amayi anga akayima pati, ndipo ndikatopa panjira anditola ndani. Akayamba kukanda m'mutu, sungani ndalama yanu yolembetsera, mudikire anzawo odziwa kukonza.