Udzu Umene Umakula Nsenjere Zikagona

Mwezi wa Juni ukafika m'madera okwera monga Dedza, Tsangano, Angónia ndi Nyanga, nsenjere zimachita ulesi kukula. Mlimi akadula lero, amabwerako patatha milungu itatu n'kupeza zitsa zisanaphuke kwenikweni, ndipo pamene chisanu chagwa usiku masamba amapsa ngati padutsa moto. Ng'ombe yamkaka imayamba kudalira mapesi ndi madeya, ndipo mkaka umatsika m'chidebe pa nthawi imene banja likufuna ndalama. Ambiri amaloza chala chilimwe, koma vuto si madzi okha ayi. Nsenjere ndi udzu wa Rhodes ndi msipu wa nyengo yotentha, kotero kuti ngakhale mlimi athirire, kuzizira kumaubweza m'mbuyo.

Pali udzu wina wakutchire umene chikhalidwe chake n'chosiyana ndi chimenechi. Akatswiri a zomera amautcha Bromus catharticus, dzina limene anaupatsa Martin Vahl wa ku Denmark mu 1791. Kwawo ndi ku South America, makamaka m'zigwa zazikulu za msipu za ku Argentina ndi Uruguay, kumene alimi amautcha cebadilla criolla. Ku United States unatchuka ndi dzina loti rescue grass, kutanthauza udzu wopulumutsa, kaamba koti unkabiriwira m'nyengo yozizira pamene msipu wina wonse unali utauma. Ku South Africa, kumene tsopano umamera wokha m'mbali mwa misewu ndi m'minda ya zipatso, olankhula Chiafrikaans amati reddingsgras, ndipo tanthauzo lake ndi lomwelo. Mu Africa muli mbale wake wobadwira momwemo, Bromus leptoclados, amene amamera m'mapiri, koma amene alimi aweta ndi kumudziwa bwino ndi mlendoyu.

Amene anaugwirira ntchito mwakhama ndi akatswiri a ku New Zealand, kumene umadziwika kuti prairie grass. Mu 1973 malo ofufuzira za msipu a ku Palmerston North anatulutsa mtundu wosankhidwa wotchedwa Grasslands Matua, umene unafalikira m'mayiko ambiri oweta ng'ombe zamkaka. Zambiri zimene zikudziwika pa kasamalidwe ka udzuwu zinachokera kumeneko.

Udzuwu umamera m'mapando, ndipo ukasiyidwa umatalika mpaka kuyandikira mita imodzi. Masamba ake ndi otambalala ndi ofewa, ngala zake n'zolendewera, ndipo timagulu ta njere zake n'taphwatalala ngati tapanidwa ndi zala. Chimene oweta amaukondera n'chakuti ng'ombe zimaudyabe ngakhale utamasula ngala, pamene udzu wambiri ukafika msinkhu umenewo umakhala wolimba ndi wosakoma.

Koma si udzu wa paliponse. Umafuna nthaka yachonde, yotayana, yosasunga madzi. Pa nthaka ya lowe mizu yake imaola msanga, ndipo apa m'pamene pali msampha kwa alimi a kuno kum'mwera kwa Africa: nyengo yozizira ndi yomweyonso yopanda mvula, choncho maganizo oyamba a mlimi amathamangira pakati pa dambo. Malo oyenera ndi kumtunda kwa dimba, pamene madzi othirira amafika koma sakhazikika. Nthaka ya asidi wambiri nayonso siugwirizana nawo. pH ikatsika kupitirira 5.5 pamafunika kuthira laimu. M'zigwa zotentha monga Chikwawa, Nsanje kapena Tete, kuubzala n'kutaya mbewu chabe.

Nthawi yobzala ndi pamene mvula ikutha ndipo kunja kwayamba kuzizira, mu Malichi kapena Epulo, chinyezi chikadali m'nthaka. Njere zake n'zazikulu poyerekeza ndi za udzu wina wa msipu, ndipo pa hekitala imodzi pamalowa makilogalamu apakati pa 25 ndi 35. Mlimi wanzeru sayamba ndi hekitala. Kachigawo ka mamita 10 m'litali ndi 10 m'lifupi kamangofuna magalamu pafupifupi 300, ndipo n'kokwanira kuonetsa ngati udzuwu wayanjana ndi malowo. Nthaka isalazidwe bwino, ithiridwe manyowa owolerana, njere zifesedwe m'timizere n'kukwiriridwa sentimita imodzi kapena awiri basi, kenaka kupondaponda pang'ono kuti zigwirane ndi dothi. Zikalowa pansi kwambiri zimatuluka zochepa.

Mbewuyo ikhale yothiridwa mankhwala. Udzuwu uli ndi mdani wake wamkulu, nthenda yotchedwa Ustilago bullata, imene imasandutsa ngala kukhala fumbi lakuda ngati mwaye. Nthendayi imayenda ndi njere: fumbi limamatira pa mbewu yabwino, limalowa m'kamera kakangomera, ndipo mlimi amadzaona zotsatira zake patapita miyezi, ngala zitatuluka zakuda. Mbewu yothiridwa mankhwala isaperekedwe kwa nkhuku kapena ziweto.

Gawo limene alimi ambiri amalakwitsa ndi kadyetsedwe. Udzuwu umasunga mphamvu zake m'munsi mwa tsinde, pamwamba pang'ono pa nthaka. Ng'ombe zikasiyidwa pamenepo tsiku ndi tsiku zimadya mphukira iliyonse ikangotuluka, phando limatha mphamvu, ndipo m'nyengo imodzi munda umasanduka dazi. Mbuzi ndi nkhosa, zimene zimadya mogwetsa mpaka pansi, zimawononga msanga koposa. Ziboda nazonso zimaphwanya mapando nthaka ikakhala yonyowa. Pachifukwa ichi, mlimi wodyetsera m'khola ali ndi mwayi woposa wa mnzake wa ku New Zealand, pakuti iye amamweta n'kunyamula, ndipo chikwakwa chimamvera mwini wake pamene ng'ombe simvera. Pomweta asiye zitsa zotalika masentimita 6 mpaka 8, kapena kuti kutambalala kwa zala zinayi. Akatero adikire kufikira mphukira iliyonse itatulutsa masamba anayi, zimene zimatenga milungu inayi kapena isanu ndi umodzi malinga ndi kuzizira. Ndi bwino kugawa munda m'zigawo zingapo kuti pamene chimodzi chikumwetedwa, zina zikupuma.

Udzu wokula msanga umadyanso kwambiri. Akangomweta, mlimi athire ndowe zowolerana kapena feteleza wobereketsa pang'ono, n'kuthirira. Ndowe zochokera m'khola la ng'ombe yomweyo zimabweza m'munda gawo la zimene udzu unatenga. Asathire feteleza wambiri nthawi imodzi n'kumweta patangopita masiku ochepa, chifukwa msipu wanthete wokhuta nayitirojeni ungathe kudwalitsa ziweto. Ng'ombe yozolowera mapesi iyambe ndi pang'ono, posakaniza ndi chakudya chouma.

Phando limodzi silikhala zaka zambiri. M'malo otentherapo limatha m'chaka chimodzi. Chimene chimasunga munda ndi njere zake. Maluwa ambiri a udzuwu amadzibereketsa okha asanatseguke n'komwe, choncho umabala njere zambiri popanda kudalira mphepo, ndipo mbewu yosungidwa imafanana ndi kholo lake. Kamodzi pa chaka mlimi asiye chigawo chimodzi kuti chikhwime. Njere zina zigwere pansi kuti zidzamere zokha, zina azipulule ndi manja ngala zikayamba kufiirira, aziumitse pamthunzi n'kuzisunga pouma. Phando lililonse la ngala zakuda lizulidwe ndi kutenthedwa asanayambe kukolola.

Kubala kwambiri kumeneku ndiko kumaupangitsanso kukhala woopsa. Ku South Africa ndi m'mayiko ena udzuwu uli m'gulu la zomera zovutitsa m'minda, ndipo ukalowa m'munda wa tirigu n'kovuta kuusiyanitsa ndi mbewu ukadali waung'ono. Alimi a tirigu a ku Tsangano ndi Neno ali ndi chifukwa chokwanira choukayikira. Usabzalidwe moyandikana ndi minda ya tirigu kapena m'mphepete mwa nkhalango zotetezedwa, ndipo ngala za m'malire mwa munda zizimwetedwa zisanakhwime. Mbewu yodutsa malire a dziko imafuna chilolezo cha boma ndi chikalata chotsimikiza kuti ilibe matenda. Kuibisa m'chikwama pochokera ku Johannesburg ndi njira yachidule yobweretsera nthenda ya mwaye ija.

Kwa alangizi ndi ogwira ntchito zachitukuko, funso lovuta si la kabzalidwe koma la malo. Kachigawo ka m'dimba kothiriridwa mu Juni n'komweko kamene mayi wa pakhomopo amabzalapo kabichi, tomato kapena mbatata ya kachewere, ndipo nthawi zambiri ndi iyeyo amene amanyamula khani kapena kupondaponda pampu. Gulu la alimi a mkaka lisanagawe mbewu, liyese kaye pa kachigawo kamodzi kwa nyengo yathunthu, lilembe malita a mkaka tsiku lililonse kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, ndipo liyerekeze ndalamayo ndi imene masamba akanabweretsa pa malo omwewo. Pa msonkhano wowerengera zimenezi, amene amathirira akhalepo.