Pulogalamu yodina yokha usiku ilibe maso

Kulamula kompyuta kuti izisuntha mausi ndi kulemba yokha pa nthawi yoikika si luso lapatali masiku ano. Mizere yochepa ya Python, mothandizidwa ndi PyAutoGUI ya Al Sweigart, ndi yokwanira kuti mausi ipite pa batani n'kudina, kiyibodi n'kulemba mawu. Pa Windows ena amakonda AutoHotkey, yomwe inatuluka mu 2003, ndipo pa Linux pali xdotool. Za nthawi nazo zinatha kalekale: cron wakhala akudzutsa mapulogalamu pa Unix kuyambira m'zaka za m'ma 1970, Windows nayo ili ndi Task Scheduler. Choncho wofunsa mmene angayambitsire ntchito 2 koloko usiku akufunsa zazing'ono. Nkhani ili pa zimene pulogalamuyo idzapeze pa sikirini ikadzuka usikuwo, mwini wake ali m'tulo.

Pulogalamu yotereyi siona. Nthawi zambiri imangopatsidwa manambala awiri, owerengedwa kuchokera pakona yakumtunda kumanzere kwa sikirini, n'kuuzidwa kuti idine pamenepo. Kaya pamalopo pali batani losunga kapena lofufuta, iyo ilibe nazo ntchito. Intaneti ikachedwa tsamba n'kusatseguka msanga, kapena uthenga wina ukatulukira patsogolo, kapenanso wina atasuntha windo masana, imadinabe basi, ndipo pasiwedi ikhoza kulembedwa m'bokosi la uthenga wopita kwa anthu ena. Choopsa kwambiri n'chakuti sidandaula. Kwa iyo, kudina kukachitika ndiye kuti ntchito yatheka.

Pali msampha wina umene amaugweramo ambiri. Kompyuta ya Windows ikakhala yokhoma, kudina kwa pulogalamu sikufika ku mawindo a ntchito. Ukasankha mu Task Scheduler kuti ntchito iziyenda ngakhale munthu sanalowe, imayenda kumbali, kopanda sikirini yoti idinepo. Ndiye anthu amatani? Amasiya kompyuta ya mu ofesi yosakhoma usiku wonse, mafayilo a malipiro ndi imelo zili pambalambanda, n'cholinga chopulumutsa mphindi khumi za m'mawa. Kumeneko n'kugula mbereko ndi mtengo wa ng'ombe. Sizinangochitika mwangozi kuti macOS imafuna chilolezo chapadera pulogalamu isanagwire mausi, kapena kuti Wayland pa Linux imatsekereza zambiri zimene xdotool inkachita momasuka pa X11. Okonza makinawa amadziwa kuti chimene chingakulembere lipoti chingathenso kulembera wakuba.

PyAutoGUI ili ndi chitetezo chake ndithu: ukakankhira mausi pakona ya sikirini, pulogalamu imaima. Koma chitetezocho chimafuna dzanja la munthu, ndipo cholinga chonse choikira nthawi chinali chakuti munthuyo asakhalepo.

Otsutsa ali ndi mfundo yomveka. Maofesi ambiri amagwiritsa ntchito mapulogalamu akale opanda khomo lina lolowera kupatula mabatani a pa sikirini, ndipo kalaliki wokopera manambala omwewo tsiku ndi tsiku sangadikire kuti bungwe ligule makina atsopano. Makampani monga UiPath anakula chifukwa cha vuto lomweli. Ndikuvomereza. Koma taonani zimene zida zawo zimachita: zimafufuza batani ndi dzina lake m'malo modalira malo ake okha, zimadikira kuti tsamba litseguke, zimalemba zonse zimene zachita, ndipo zikasokonezeka zimaima n'kudziwitsa munthu. Wolemba pulogalamu yakeyake akhoza kuchita zomwezo, popeza PyAutoGUI imatha kufufuza chithunzi cha batani pa sikirini isanadine. Ntchitoyo ndi yotopetsa kuposa kuika nthawi, n'chifukwa chake ambiri amailumpha.

Ndipo kumene khomo lina lilipo, monga API, lamulo lolemba mwachindunji, kapena fayilo ya CSV yoti pulogalamu iwerenge, kudina kulibe chifukwa. Njira zimenezi zimayankha kuti zatheka kapena zakanika, ndipo zimayenda sikirini ili yokhoma. Kwathu kuno, kumene magetsi amatha kuthima pakati pausiku, palinso funso limene wolemba ayenera kuyankha asanapite kunyumba: kompyuta ikazima ntchito ili pakati, mawa lake pulogalamuyo idzayambira pomwe inalekera, kapena idzatumizanso kachiwiri malipiro amene inatumiza kale?