Kodi kuletsa makanema olaula kungachepetse milandu yogwirira ku Chigwa cha Shire?

Nkhani ya mwana wogwiriridwa ikamveka ku Chikwawa kapena ku Nsanje, chala chimathamangira ku foni ndi tinyumba toonetsa mavidiyo m'misika ngati ya Nchalo, Ngabu ndi Bangula. Makolo amati anyamata akuonera makanema olaula osonyeza mkazi akumenyedwa kapena kukakamizidwa, kenako nkukayeserera. Nkhawayi ndi yomveka. Koma kodi kafukufuku akuti chiyani?

Akatswiri sagwirizana. Mu 2016, Paul Wright ndi anzake ku America anaphatikiza zotsatira za kafukufuku 22 wa m'maiko 7, ndipo anapeza kuti anthu oonera zolaula amapezeka kwambiri m'gulu la ochita nkhanza zogonana. Ena amaloza ku Denmark, komwe boma linachotsa chiletso mu 1969, ndipo Berl Kutchinsky anapeza kuti milandu yogwirira sinakwere monga ankaopera. Vuto nlakuti zinthu ziwiri zikamayendera limodzi sizitanthauza kuti china chikubala chinzake: mwina munthu wa mtima wankhanza kale ndiye amafunafuna makanema otere. Neil Malamuth, yemwe wafufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, akuti chiopsezo chachikulu chili pa amuna omwe amanyoza kale akazi. Kwa amenewa, kanemayo ali ngati palafini pamoto.

Dziko la Britain silinadikire kuti akatswiri amvane. Mphunzitsi wina ataphedwa mu 2003 ndi bambo yemwe ankakonda makanema opotokola khosi, lamulo la 2008 linaletsa ngakhale kusunga zolaula zankhanza. Ku Uganda zinayenda mwina: khoti linathetsa mbali zikuluzikulu za lamulo la 2014 mu 2021, pomwe anthu ankadandaula kuti likuzunzitsa amayi chifukwa cha kavalidwe.

Kuno kwathu malamulo alipo kale. Gawo 179 la Penal Code limaletsa kugulitsa ndi kufalitsa zolaula, lamulo la Censorship ndi la 1968, ndipo la Electronic Transactions and Cyber Security la 2016 limalanga okhudzidwa ndi zolaula za ana. Chosowa ndi kulondoloza. Wapolisi angatseke kanyumba ka vidiyo pa Dyeratu, koma kanema wodutsa pa WhatsApp kapena pa memori khadi amugwira bwanji?

Komanso tisadzinamize kuti nkhanzazi zinabwera ndi intaneti. Kafukufuku wa boma wa 2013 anapeza kuti mtsikana mmodzi mwa asanu alionse anachitiridwapo nkhanza zogonana asanakwane zaka 18, nthawi yomwe mafoni amakono anali osowa kumudzi. Eric Aniva wa ku Nsanje, yemwe khoti linamulamula kukakhala kundende zaka ziwiri mu 2016, anamangidwa chifukwa cha ufisi, osati kanema. Ineyo ndikuona kuti kulimbana ndi foni nkosavuta kusiyana ndi kutchula malume kapena bambo omupeza, omwe mabanja amawabisa kuti "tikambirana pachibale".

Kubisako ndiye kumaika moyo wa mwana pachiswe. Mankhwala a PEP, oteteza ku HIV, amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, ndipo mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi ali ndi malire a masiku asanu. Banja likatha sabata likukambirana za chindapusa, mwayi umenewu wapita. Mtengereni mwanayo kuchipatala tsiku lomwelo, asanasambe ngati nkotheka, kenako ku ofesi ya Victim Support Unit kupolisi, kapena imbani 116 mwaulere.