Mwana wa ku Santhe amadziwa kale kuphwanya mawu

Mwana wa m'madera olima fodya ku Kasungu akakumana ndi mawu a Chingerezi onga unfortunately, amawatchula kuti anifochunetili. Anzake amaseka, mphunzitsi n'kumuuza kuti abwereze mpaka belu litalira. Kubwerezaku n'kutaya nthawi, pakuti mwanayo sakuphonya mwachisawawa. Akutsata lamulo la Chichewa lakuti phatikizo limathera pa lembo la liwu, lamulo lomwe linatipatsa sukulu kuchokera ku school, ndi kontirakiti imene alimi amagulitsira fodya ku Chinkhoma. N'chifukwa chake maphatikizo asanu a un-for-tu-nate-ly amasanduka asanu ndi awiri pakamwa pake. Komanso Chichewa chimakoka phatikizo lachiwiri kuchokera kumapeto, pamene Mngerezi m'mawu amenewa amatsindika for.

Mankhwala ake ndi kumuonetsa mwanayo mmene mawuwo anamangidwira. Tsinde ndi fortune, kutanthauza mwayi, lochokera ku Chilatini. Ate akulisandutsa mfotokozi, un akubweretsa kukana, ndipo ly akupanga muonjezi. Ntchito yotere si yachilendo kwa mwana wathu. Mwana wa zaka zisanu ku Santhe kapena ku Chamama amanena kuti sitidzaonananso osapunthwa, chonsecho m'mawu amodziwa muli si wokana, ti woimira ife, dza wa nthawi yam'tsogolo, tsinde, an wa kuchitirana ndi nso wobwereza. Wokhoza kulumikiza zidutswa zonsezi sangalephere zinayi za Chingerezi, bola wina amulozere polumikizira. Akazindikira un ndi ly, wapeza potsegulira mawu ena ambirimbiri osawaloweza limodzilimodzi.

Ena anena kuti kubweretsa Chichewa m'phunziro la Chingerezi n'kuchisukulutsa, ndipo atchula lamulo la maphunziro la 2013 lomwe linakhazikitsa Chingerezi kukhala chiyankhulo chophunzitsira. Atchulanso Kamuzu Academy, yomwe inatsegulidwa ku Mtunthama mu 1981, kuti kumeneko ana amayankhula bwino popanda kudalira Chichewa. Koma n'chifukwa chiyani sukuluyo inalimbikira Chilatini? Phindu lake lalikulu ndi lomweli, kuzindikira masinde ndi aphatikiri a mawu. Mwana wa kumudzi, yemwe miyezi ina amajomba chifukwa chosoka fodya, alibe mphunzitsi wa Chilatini, koma galamala ya chiyankhulo chake ali nayo m'mutu. Kumumana chida chimenechi n'kumulanda khasu kenako n'kumudzudzula kuti salima.

Katchulidwe n'kofunika ndithu, ndipo mwana auzidwe poyera kuti e wa mu nate samveka. Koma pa mayeso a MSCE, pomwe Chingerezi chimagwetsa ngakhale wokhoza maphunziro ena onse, amayesa kumvetsa ndi kulemba. Ndondomeko ya dziko lonse yophunzitsa kuwerenga, yomwe inayamba mu 2016, inazoloweretsa kale ana kuwerenga ndi maphatikizo. Aphunzitsi a ku koleji ya aphunzitsi ya Kasungu, onjezeranipo phunziro la kamangidwe ka mawu, ndipo zitsanzo zoyamba zikhale za Chichewa.