Nkhondo ya Biafra: mikangano inalipo kale, koma asilikali ndiwo anang'amba dziko

Anthu ambiri akamafotokoza nkhondo yapachiweniweni ya ku Nigeria, yomwe inayamba mu Julaye 1967 n'kutha mu Januwale 1970, amayambira ku 1914, pomwe Frederick Lugard analumikiza madera a kumpoto ndi a kummwera kukhala dziko limodzi pansi pa Britain. Amati popeza Ahausa ndi Afulani, Ayoruba komanso Aigbo anawaika pamodzi osawafunsa, nkhondo inali yosapeweka. Zimenezi zili ndi choonadi chake, koma zimachepetsa mlandu wa asilikali omwe analanda boma kawiri m'chaka cha 1966. Ine ndikuona kuti mlandu waukulu uli pa iwowa.

Kuti mikangano inalipo, palibe angakane. Mu 1953 anthu anaphana ku Kano pa nkhani ya nthawi yolandira ufulu wodzilamulira. Ufuluwo utabwera mu 1960, chipani chachikulu chilichonse chinali ndi chigawo chake: NPC kumpoto, Action Group kumadzulo, NCNC kummawa. Kalembera wa 1962 anathetsedwa, ndipo wa 1963 anamukana a kummawa, chifukwa mipando ya ku nyumba ya malamulo inkagawidwa potengera kuchuluka kwa anthu. Obafemi Awolowo, mtsogoleri wa Action Group, anaponyedwa m'ndende mu 1963, ndipo chisankho cha kumadzulo cha 1965 chinatha ndi kuotcherana nyumba. Komabe taonani zomwe zinachitika chisankho cha Disembala 1964 chitasokonekera. Pulezidenti Nnamdi Azikiwe anakana kuitana Abubakar Tafawa Balewa kuti apange boma, dziko linaima mutu, koma patangopita masiku ochepa awiriwa anamvana. Mgwirizano wake unali wonunkha ndale zadyera, inde, koma palibe mzinga womwe unalira.

Pa 15 Januwale 1966 gulu la asilikali achinyamata, mmodzi wa atsogoleri ake ali Chukwuma Kaduna Nzeogwu, linapha Balewa, Ahmadu Bello yemwe ankalamulira kumpoto, Samuel Akintola wa kumadzulo, ndi akuluakulu a asilikali ochokera kumpoto monga Zakariya Maimalari. Ambiri mwa okonza chiwembucho anali Aigbo, ndipo Michael Okpara, mtsogoleri wa chigawo cha kummawa komwe ndi kwawo kwa Aigbo, sanaphedwe. Kaya ankafunadi kuthetsa ziphuphu monga ankanenera, wa kumpoto anangowerenga maliro n'kuona kuti ambiri agwa kwawo. Mkulu wa asilikali Johnson Aguiyi-Ironsi, Mwigbo nayenso, anatenga boma, sanawazenge mlandu akuphawo, ndipo mu Meyi anakhazikitsa lamulo la nambala 34 lothetsa ulamuliro wa zigawo. Banja la ndewu limatha kukhalitsa ankhoswe akadalipo. Usiku umodzi wa pa 15 Januwale uja unapha ankhoswe enieni, anthu okhawo omwe akananena mawu chigawo chonse n'kumvera. Pa 29 Julaye asilikali a kumpoto anabwezera, napha Ironsi ku Ibadan pamodzi ndi Aigbo ambiri a m'gulu lankhondo. Pambuyo pake asilikali ochokera kummawa anabwezedwa kwawo, ndipo dziko linakhala ndi magulu ankhondo awiri nkhondo isanalengezedwe.

Wina anganene kuti kulanda bomako kunabadwa m'mikangano yomweyo, choncho sikungaimbidwe mlandu pakokha. Anganenenso kuti ku Ghana asilikali anachotsa Kwame Nkrumah mu Febuluwale 1966 koma nkhondo sinabuke. Mfundo yachiwiriyi ndi yolemera, ndipo ndikuivomereza: popanda chidani cha zigawo, mfuti za Nzeogwu zikanangosintha boma. Koma mikangano imangotiuza kuti dziko linali pangozi. Siitiuza amene adzapatuke, liti, kapena ngati adzapatuke n'komwe. Umboni wake ndi wakuti mu Julaye 1966 omwe ankafuna kuchoka mu Nigeria anali asilikali a kumpoto. Aigbo, omwe anali atafalikira m'dziko lonse ngati amalonda, makalaliki ndi ogwira ntchito za njanji, ndiwo ankapindula kwambiri ndi umodzi wa dzikolo. Chomwe chinawatembenuza mtima ndi kuphedwa kwa anthu awo zikwizikwi kumpoto mu Meyi, kenako mu Seputembala ndi Okutobala 1966, asilikali ena akutenga nawo mbali m'malo mowateteza. Zipolowe za ku Kano mu 1953 zinazimitsidwa m'masiku ochepa chifukwa kunali boma lozizimitsa.

Mafuta, omwe anapezeka ku Oloibiri mu 1956, anakulitsa mkanganowo, koma anali atakhalapo zaka khumi popanda nkhondo. Ngakhale mu Januwale 1967 mpata unalipobe, pomwe atsogoleri anakumana ku Aburi m'dziko la Ghana. Anagwirizana, koma atabwerera kwawo aliyense anamasulira mgwirizanowo mwa iye yekha, ndipo kunalibe nyumba ya malamulo yoti iweruze. Odumegwu Ojukwu, msilikali yemwe ankalamulira chigawo cha kummawa, sankavomereza n'komwe kuti Yakubu Gowon, yemwe analowa m'malo mwa Ironsi, ndi mkulu wake, popeza kunali ena apamwamba pa udindo monga Babafemi Ogundipe. Pa 27 Meyi 1967 Gowon anagawa dziko m'zigawo 12, ndipo pa 30 Meyi Ojukwu analengeza kuti chigawo cha kummawa chapatuka n'kukhala dziko la Biafra. Gowon anali ndi zaka 32, Ojukwu 33, ndipo onse awiri palibe yemwe anawavotera.