DZANZI LA M'ZALA SI UMBONI WA MPHAMVU

Aliyense woyenda madzulo pa Mponela, pa Madisi kapena pa Boma la Dowa adzaona chinthu chimene makolo athu sadachione. Dzuŵa likapendeka anyamata amasonkhana kuseri kwa nyumba, malaya atavula, nayamba kunyamula zitsulo. Oŵerengeka ali ndi zitsulo zogula, koma ambiri adangothira simenti m'zitini ziŵiri za penti nazilumikiza ndi paipi. Mukaŵayang'anitsitsa mudzapeza kuti ambiri mwa iwo si alimi kapena a kabaza ayi. Ndi aphunzitsi, akalaliki a m'maofesi ndiponso aja otandala m'timisasa totumizira ndalama pafoni.

Ine ndine mmodzi wa iwo, choncho sindikulemba kuti ndinyoze maseŵeraŵa. Munthu wotandala pampando ayeneradi kulimbitsa thupi. Chimene ndikutsutsa ndi chiphunzitso chimene timapatsana kumeneko, chakuti kuŵaŵa kulikonse ndi umboni wakuti mphamvu zikuloŵa.

Chaka chatha, m'nyengo yochonga mayeso, kachala kanga kakang'ono ka dzanja lamanja pamodzi ndi chala choyandikana nako zidayamba kuchita dzanzi. Anzanga a kuzitsulo adati, "Limbikirani achimwene, ndiye kuti nyama ikukula." Mayi anga aang'ono adati pali wina wondichitira nsanje kuntchito. Ine ndidamvera anzangawo, kufikira tsiku lina pamene choko chidandipulumuka m'manja kaŵiri konse pamaso pa ana a Fomu 3. Nditapita kuchipatala, a dokotala asanafunse za kulemera kwa zitsulo adayamba andifunsa mmene ndimakhalira patebulo.

Tsono nachi chimene ndidaphunzira. Mitsempha ya m'thupi ili ya mitundu iŵiri: ina imayendetsa magazi, ina imanyamula mauthenga pakati pa ubongo ndi ziŵalo. Ya mauthengayi, yopita kumkono, imatuluka m'fupa la msana cha m'khosi, nidutsa pansi pa phewa, ndipo itatu ikuluikulu imafika mpaka kudzanja. Mtsempha wotere ukapanikizika paliponse m'njira, munthu amamva dzanzi kapena kulasalasa ngati singano kunsonga kwake, ngakhale vuto lili kutali ndi zalazo.

Zala zimene zachita dzanzi ndizo zimaulula pamene pali vuto. Likakhala la kachala kakang'ono ndi theka la chinzake, kaŵirikaŵiri wapanikizika ndi mtsempha wodutsa kuseri kwa kasukusuku, uja umatinyerenyetsa tikagunda chigongono pakhomo. Umenewu umakokeka mkono ukakhala wopinda nthaŵi yaitali, ndipo umaphinjika tikatsamira patebulo. Likakhala la chala chachikulu, cha mkombaphala ndi chapakati, makamaka lodzutsa munthu usiku, vuto limapezeka polumikizira dzanja ndi mkono, pamene mtsempha wina umadutsa m'kampata kopapatiza. Koma ululu ukamatsika kuchokera m'khosi mpaka m'zala, gwero lake ndi khosilo. Mutu wa munthu wamkulu umalemera pafupifupi makilogalamu 5, ndipo tonse tidziŵa kuti katundu wosenza chiŵeramire amalemera koposa wosenza chilili.

Onani tsono tsiku la kalaliki kapena mphunzitsi. Kwa maola 8 waŵeramira mapepala kapena kompyuta, zigongono zili patebulo, dzanja lili chipindire pa cholembera. Akaŵeruka, osapuma ndi pang'ono pomwe, athamangira kukakweza chitsulo cholemera ndi mkono womwewo, kupinda kasukusuku yemweyo kambirimbiri, dzanja litakhotera kumbuyo. Kaŵirikaŵiri zitini zija sizilingana kulemera, kotero kuti mbali imodzi imasenza zoposa inzake. Mtsempha wafinyika usana wonse patebulo, ndipo madzulo chitsulo chimangotsiriza ntchito imene tebulo lidayamba. Makolo athu a m'mapiri a Ntchisi adagwira ntchito zolemetsa kuposa zathu, ndipo nawonso ankamva zoŵaŵa, koma thupi lawo silinkatandala malo amodzi: ankalima, kuyenda, kusenza ndi kutema, chiŵalo china chikupuma pamene china chikugwira.

Tisiyanitse bwino zinthu ziŵirizi. Kuphwanya kwa minofu kobwera maŵa lake munthu atanyamula zitsulo kumatha pakapita masiku oŵerengeka, ndipo sikudetsa nkhaŵa. Dzanzi ndi lina. Mtsempha sukula chifukwa choufinya monga ikulira minofu, umangoonongeka. Ukaonongeka kwambiri umaphukanso pafupifupi milimita imodzi yokha patsiku. Poti kuchokera pakasukusuku kufika kuzala pali masentimita oposa 30, aliyense woloŵa m'kalasi la masamu aona kuti kuchira kungatenge miyezi 10 kapena kuposerapo, ndipo nthaŵi zina mphamvu za dzanja sizibwereranso zonse.

Palinso chifukwa china chimene tisamangodzipaka mankhwala otentha n'kukhala chete. Dzanzi si la zitsulo ndi matebulo okha. Matenda a shuga amalibweretsa, moŵa wopitirira muyeso umalibweretsa, ndiponso mankhwala a chifuwa chachikulu otchedwa isoniazid, chifukwa chake kuchipatala amaŵapereka pamodzi ndi vitamini B6. Khate nalo, limene ambiri timaliyesa lidatha, limakonda kugwira mtsempha womwe uja wa pakasukusuku, koma limachizika munthu akafulumira. Ndipo ngati mkono wafooka mwadzidzidzi, kamwa n'kupotoka kapena mawu n'kumavuta kutuluka, kapena ngati mkono wamanzere ukuŵaŵa pamodzi ndi pachifuwa, pamenepo sadikira kuti kuche. Munthuyo athamangitsidwe kuchipatala nthaŵi yomweyo.

Kwa anzanga a kuzitsulo ndikuti: dzanzi likayamba pa nyamulidwe ina, isiyeni nyamulidweyo ndipo chepetsani katundu. Dzanja likhale loongoka pogwira paipi. Kuntchito imirirani pakatha theka la ola lililonse, ongolani khosi ndi mikono, ndipo lekani kutsamira zigongono. Usiku peŵani kugona mutatsamira mkono wopinda. Dzanzilo likapitirira masabata angapo, kapena mukaona kuti zinthu zikukupulumukani, kapena mnofu wa pakati pa chala chachikulu ndi cha mkombaphala ukuphwa, pitani kuchipatala chapafupi. Iwo adziŵa ngati muyenera kutumizidwa ku Kamuzu Central ku Lilongwe. Mbeŵa ya manyazi idafera kuuna.

Ine ndidasiya zitsulo kwa miyezi iŵiri, ndidasintha kakhalidwe kanga patebulo, ndipo dzanzi lidatha. Ndidabwererako, koma ndi zitini zocheperako, ndipo anyamata ena amandiseka. Aziseka. Chimene chimadyetsa ana anga ndi zala zogwira choko, osati kukula kwa mkono.