Ulendo wa ku Chilumba Umayambira kwa Kalembera

M'matauni a migodi a m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, madzi ambiri amene mwana amakula akuwaona ndi a m'damu kapena amene anadzaza m'dzenje la mgodi wakale. Ku Zvishavane maso amakathera pa milu yotuwa ya dothi la mgodi wa Shabanie, ku Shurugwi amakathera pa mapiri okumbidwakumbidwa, ndipo ku Redcliff amakathera pa machumuni a Ziscosteel amene anasiya kufuka utsi mu 2008. Choncho si zodabwitsa kuti munthu wogwira ntchito ku Mimosa kapena ku Unki akalandira bonasi, n'kuona pa foni zithunzi za mchenga woyera ndi madzi oonekera mpaka pansi, mtima wake umayamba kulakalaka chilumba.

Mayina amene amabwera msanga m'maganizo ndi Zanzibar, Mauritius, kapena Bazaruto kufupi ndi Vilankulo ku Mozambique. Onsewa ndi malo okongola, ndipo mitengo yake imadziwanso kuti ndi okongola. Koma kwa mabanja ambiri a ku Mandava, ku Maglas, ku Torwood ndi ku Mbizo, amene makolo awo anachokera ku Nyasaland, pali chilumba china chimene chimafikika pa basi ndi pa sitima yapamadzi popanda kukwera ndege. Chilumbacho ndi Likoma, pa nyanja ya Malawi.

Nyanja imeneyi ambiri a iwo amangoimva m'nkhani za agogo. Kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, anyamata a Chitonga a ku Nkhata Bay, Achewa a ku Nkhotakota ndi ku Dedza, komanso Ayao a ku Mangochi ankatsika kummwera kudzera ku Tete, ena wapansi, kukafuna ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Southern Rhodesia. Ena anabwerera ndi njinga ndi makina osokera. Ena ambiri sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha machona. Zidzukulu zawo lero zimayankhula Chishona pamsewu ndi Chichewa chosakanikira pakhomo, zimaonerera gule wamkulu amene anzawo amamutcha zvigure, koma chambo chongovuulidwa kumene sizinachilawepo. Kwa anthu otere, tchuthi cha ku Likoma chimalemera kuposa tchuthi wamba, ndipo n'chifukwa chake chiyenera kukonzedwa modekha.

Chinthu choyamba kukonza ndi mapepala, ndipo apa ndi pamene maulendo ambiri amafera asanabadwe. Mu 2001 boma la Zimbabwe linasintha lamulo la unzika, n'kulamula kuti aliyense amene akanatha kukhala nzika ya dziko lina akane unzikawo motsata malamulo a dzikolo. Anthu masauzande ambiri obadwira m'makomboni a migodi, amene sanapondepo ku Malawi, anapezeka kuti zitupa zawo zikuwatchula kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a mu 2013 anakonza zimenezi: ndime 43 imati munthu wobadwira mu Zimbabwe malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye akukhala mu Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. M'chaka chomwecho khoti loona za malamulo aakuluwo linagamula kuti nzika mwa kubadwa ikhoza kukhalanso ndi unzika wa dziko lina. Amene anapambana mlanduwo anali Mutumwa Mawere, yemwe kampani yake inali ndi migodi ya Shabanie ndi Mashaba boma lisanailande mu 2004, zomwe akuluakulu a ku Zvishavane angamwetulire nazo mowawidwa.

Komabe lamulo la m'buku silisintha lokha chitupa cha m'thumba. Bungwe la Amnesty International linatulutsa lipoti mu 2021 losonyeza kuti zidzukulu zambiri za anthu obwera kudzagwira ntchito zinali zikadalibe makalata a kubadwa ndi zitupa. Vutoli limayenda ngati matenda a kumtundu: agogo analibe kalata, mayi sanathe kulembetsa, mwana nayenso alibe. Pasipoti siituluka popanda kalata ya kubadwa ndi chitupa chosonyeza unzika. Tsono banja limene likufuna kukaona nyanja mu Sepitembala liyenera kuyamba kuponda ku ofesi ya kalembera chaka chikangoyamba, litanyamula mapepala onse akale amene lingawapeze, ngakhale khadi la ubatizo kapena kalata ya ntchito ya agogo ya kumgodi. Ndi bwino kufunsa mwachindunji zimene zikufunika pa munthu aliyense m'banjamo, pakuti safunsa anadya phula. Ndipo munthu asalipiretu malo ogona mapasipoti onse asanafike m'manja. Amene ali nayo kale aonetsetse kuti yatsala ndi miyezi yosachepera 6 isanathe mphamvu. Ubwino wake ngwakuti mwini pasipoti ya Zimbabwe safunika viza pokacheza masiku ochepa ku Malawi kapena podutsa mu Mozambique.

Njira yake ndi yomwe ija anadzera agogo, kungoti tsopano akuitsata chobwerera. Kuchokera ku Gweru kapena ku Kwekwe munthu amayamba wafika ku Harare. Kuchokera kumeneko basi imadzera ku Mutoko, n'kutuluka pa chipata cha Nyamapanda, kuwoloka Zambezi pa Tete, kenako kulowa m'Malawi pa Mwanza ngati ikupita ku Blantyre, kapena pa Dedza ngati ikupita ku Lilongwe. Mtunda wa pakati pa Harare ndi Blantyre ndi makilomita pafupifupi 600, koma chifukwa cha zipata ziwiri za m'malire ulendowu umadya tsiku lathunthu. Tete ndi kotentha kwambiri, ndipo mayi woyenda ndi ana asadalire madzi ogula panjira okha.

Kufika m'Malawi sikufika ku Likoma. Chilumbachi chili kutsidya la kummawa kwa nyanja, makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Nkhata Bay, ndipo chazunguliridwa ndi madzi a dziko la Mozambique. Mapiri amene munthu amawaona pafupi akaima pagombe la kummawa ndi a chigawo cha Niassa. Sitima yodziwika pa njirayi ndi Ilala, imene inapangidwa ku Scotland, n'kubwera zidutswazidutswa, ndipo inayamba kuyenda pa nyanjayi mu 1951. Imanyamuka ku Monkey Bay kupita kumpoto mpaka ku Chilumba m'boma la Karonga, n'kubwerera, ulendo umodzi pa sabata. Apa pali phunziro lalikulu kwa munthu wozolowera belu la shifiti: Ilala ili ndi ndandanda yake, koma katundu wa padoko, mphepo ndi ukalamba wa injini nazo zili ndi mawu. Nthawi zina imaima masabata angapo ikukonzedwa. Wanzeru amafunsa za kayendedwe kake kwa eni malo ogona a pachilumba masiku ochepa asananyamuke, ndipo amasiya masiku awiri kapena atatu opanda chochita kumapeto kwa tchuthi. Wogwira ntchito kumgodi amene wapatsidwa masabata awiri, n'kuwerengera kuti adzatsika sitima Lachiwiri ndi kulowa shifiti Lachinayi, akuseweretsa ntchito yake.

Pali mabwato a anthu wamba amene amawoloka pakati pa Nkhata Bay ndi zilumbazi. Banja limene silinakwerepo chombo chilichonse lisathamangire bwato lodzaza matumba a ufa ndi simenti chifukwa chongofuna kufika msanga, makamaka ngati mulibe majekete oyandamitsa. Ndege zing'onozing'ono zimateranso pa Likoma, koma mtengo wake ndi wa alendo a kunja kwa Africa.

Nyengo nayo isankhidwe bwino. Kuyambira Juni mpaka Ogasiti kumawomba mwera, mphepo ya kummwera imene imautsa mafunde aakulu moti ngakhale asodzi okhwima amakokera mabwato kumtunda. Mvula imagwa kuyambira Disembala mpaka Epulo, ndipo imeneyi ndi nthawi ya udzudzu wambiri ndi misewu yovuta. Tsoka lake, tchuthi chachitali cha sukulu ndi bonasi zimabwera mu Disembala momwemo. Banja limene lingathe kupirira, n'kusunga ndalamazo osazikhudza, lidzapeza nyanja yabata mu Meyi kapena mu Sepitembala ndi Okutobala, ngakhale kuti Okutobala amawotcha.

Nanga pachilumbapo pali chiyani? Likoma ndi kachilumba kakang'ono, ka makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse, kouma, kamiyala, kodzaza milambe ndi mitengo ya mango. Pa kalembera wa 2018, boma la Likoma, kuphatikizapo chilumba chinzake cha Chizumulu, linali ndi anthu opitirira pang'ono 14,000. Magalimoto ndi owerengeka, ndipo malo ambiri munthu amafikako wapansi. Chodabwitsa chachikulu ndi tchalitchi cha St Peter's cha mpingo wa Anglican, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu oganiziridwa ufiti. Kukula kwake kumadodometsa aliyense amene wangotsika sitima. Mishoni imeneyi ndi imene inachititsa kuti chilumba chokhala m'madzi a Apwitikizi chikhale mbali ya Nyasaland, ndipo sukulu zake zinatulutsa aphunzitsi ndi akalaliki amene ena mwa iwo anakathera ku migodi ya kummwera komweko. Mdzukulu wa ku Shurugwi amene agogo ake ankatchula Likoma angachite bwino kukapemphera kumeneko Lamulungu, n'kutchula dzina la agogowo kwa akuluakulu a mpingo akaweruka. Pachilumba chaching'ono chonchi mayina a mabanja sasowa msanga.

Zotsalazo ndi madzi. Ndi opanda mchere, ofunda, ndipo m'miyala yake mumasambira mbuna zamitundu yowala ngati zitenje. Usiku nyali za asodzi a usipa zimandanda panyanja ngati tauni ina, ndipo masiku ena nkhungu zimakwera pamwamba pa madzi ngati utsi wa moto wolusa. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi kondowole, nsima ya chinangwa, imene m'mimba mozolowera ufa wa chimanga mumayamba mwaikayikira. Malo ogona alipo a mitundu yonse, kuyambira nyumba za alendo zotsika mtengo pafupi ndi msika mpaka malo a pagombe olipiritsa madola mazanamazana usiku umodzi. Zinthu za m'sitolo zimakwera mtengo chifukwa zonse zimabwera pa sitima. Munthu asinthiretu ndalama zake kukhala makwacha ku banki kapena ku malo ovomerezeka ku Blantyre, Lilongwe kapena Mzuzu, pakuti ZiG ya ku Zimbabwe kumeneko siigula ngakhale mulu wa usipa.

Za umoyo zisatengedwe mopepuka. Munthu wokulira kumtunda kozizira ngati ku Gweru ndi ku Shurugwi thupi lake silinazolowere malungo, ndipo magazi a Chitonga a agogo sateteza mdzukulu kwa udzudzu. Apite kuchipatala asananyamuke kukafunsa za mankhwala oteteza, agone m'neti usiku uliwonse, ndipo akamva kutentha thupi atabwerera, auze dokotala kumene anali. M'malo ena a nyanjayi, makamaka m'mabango ndi m'madzi odikha pafupi ndi midzi, muli likodzo, choncho ndi nzeru kukayezetsa patapita miyezi iwiri kapena itatu. Ana a ku Midlands ambiri sadziwa kusambira, ndipo nyanja ya Malawi imazama mwadzidzidzi. Wamkulu mmodzi akhale maso nthawi zonse ana akakhala m'madzi, ndipo wamkuluyo asakhale amene wagwira botolo.

Pali nkhani ina imene mabanja sakonda kuikamba poyera asananyamuke. Mbiri ikangomveka kuti a ku Halale akubwera, abale a ku Chintheche kapena ku Nkhotakota amayembekezera, ndipo sakulakwa. Munthu sangadutse pamsewu wa m'mbali mwa nyanja, makilomita ochepa kuchokera pa manda a makolo ake, n'kungopitirira kukasambira. Koma kumudzi sapitako chimanjamanja: pamafunika shuga, sopo, zitenje za azakhali, kangachepe ka amfumu, mwinanso thumba la feteleza limene wina adzalitchula mwaulemu madzulo a tsiku lachiwiri. Zikapanda kuwerengeredwa, ndalama za chilumba zimathera pamenepo, ndipo ana amabwerera ku Kwekwe ataona nyanja pa windo la minibasi lokha. Bambo ndi mayi agwirizane akadali kunyumba kuti kumudzi kukhala masiku angati ndi ndalama zingati, ndipo za ku Likoma ziikidwe mu envelopu ina. Ambiri angachite bwino kuyambira kumudzi, kuti mwambo uthe ndi mitima ikhale pansi, kenako n'kukakwera sitima ku Nkhata Bay. Ndipo ngati pali agogo amene miyendo ikadawalola, mpando wawo pa basi ya ku Nyamapanda ugulidwe poyamba, pasipoti yawo ikangotuluka.